Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: tikubaya insulini mumdima

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu oyang'anira anamwino ku Capital Hill, aphungu a m'komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndi mabwana onse oyendetsa zipatala m'maboma,

Ndikupatsani moni nonse mwaulemu.

Ine ndine namwino. Ndagwira ntchito m'zipatala za boma kwa zaka zopitirira 20, zambiri mwa izo m'wodi ya amayi ndi ya abambo. Dzina la chipatala chimene ndili sinditchula, chifukwa zimene ndikulembazi anzanga a m'maboma ena akandiimbira foni amanena zomwezo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalemba kuti mumve za odwala matenda a shuga kuchokera kwa munthu amene amaima pambali pa bedi lawo usiku.

Usiku wina m'nyengo ya mvula ambulansi inatibweretsera mtsikana wa zaka 15 kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Pakalata yomutumizira panalembedwa kuti malungo aakulu. Anali atamwa kale LA kawiri mwezi umenewo, osasintha. Mayi ake anandiuza kuti mwanayo wakhala akuwonda chiwondere, madzi akumwa ngati ng'ombe, ndipo usiku wayambanso kukodzera pamphasa ngati khanda. Kumudzi ena ankanong'ona kuti watenga kachilombo, ena kuti pali munthu wamuchita. Nditamuyandikira ndinaona akupuma mozama ngati wathamanga mtunda wautali, milomo itauma gwa, ndipo mpweya wake unkamveka ngati zipatso zoyamba kuvunda. Mtima wanga unandiuza kuti ndi shuga. Koma mtima wa namwino si umboni wobayira munthu insulini, jakisoni wotsitsa shuga m'magazi.

Ndinatsegula kabati. Munali timakina titatu toyezera shuga, tonse tamoyo, kalikonse ka mtundu wakewake, tochokera kwa anthu akufuna kwabwino amene anatipatsa pa nthawi zosiyana. Masitiripi, timapepala tija timalowa m'kamakina n'kulandira dontho la magazi, analipo theka la botolo, koma anali a kamakina kachinayi kamene kanafa kalekale. Kulabu kunali kotseka. Mukudziwa inu nomwe, mabwana, kuti munthu wa shuga akakomoka pali njira ziwiri zotsutsana. Ngati shuga watsika, mumamupatsa shuga m'mtsempha ndipo amadzuka mukuona. Ngati wakwera kwambiri, mumayamba ndi madzi a diripi, insulini n'kutsatira pang'onopang'ono, uku mukuyeza ola lililonse. Mukabaya insulini munthu amene shuga wake watsika kale, mwamupha ndi manja anu.

Anatipulumutsa ndi agogo ena amene anagona pa bedi la pakona chifukwa cha chilonda cha kuphazi. Anali ndi kamakina kawo kamene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Atamva tikudandaula anangoti, "Anesi, tengani kanga aka, mwanayo asafe tikuona." Titayeza, kamakinako sikanalembe n'komwe nambala. Kanangolemba kuti HI, kusonyeza kuti shuga wapitirira pamene iko kamatha kuwerenga. Masitiripi a agogowo anatsala 6 okha. Munthu wa vuto limeneli amafunika kumuyeza ola ndi ola mpaka shuga atakhazikika, koma ife ndi a kiliniko amene anali pa ntchito tinagawa timapepala 6 timeneto usiku wonse, pakati pake tikungoyang'ana kapumidwe ndi mkodzo. Mtsikanayo anatsegula maso kutacha. Agogo aja anakhala masiku angapo osayeza shuga wawo.

Pempho langa loyamba ndi limeneli, ndipo ngati mungaiwale zina zonse m'kalatayi, ili lokha musaiwale. Sankhani mtundu umodzi wa kamakina koyezera shuga m'zipatala zonse za boma, ndipo masitiripi ake azigulidwa ndi kugawidwa kudzera ku Central Medical Stores Trust mwezi ndi mwezi monga mankhwala ofunikira. Wopereka thandizo akabwera ndi timakina, azibwera ndi mtundu womwewo, apo ayi agule masitiripi. Si chinthu chachilendo ndikupemphachi. Chiyambire 2011 zipatala zazing'ono zili ndi tizipangizo toyezera malungo pompopompo, ndipo lero ndi manyazi kupatsa munthu LA osamuyeza. Zoyezera HIV zikatha pa chipatala, foni zimalira mpaka ku Lilongwe tsiku lomwelo. Masitiripi a shuga akatha, timangolemba m'buku la malipoti kuti sanayezedwe, miyezi n'kumapita. Mtsikana uja akanayezedwa dontho limodzi la magazi ulendo woyamba umene anafika kuchipatala cha kwawo, sakanafika kwa ife ali chikomokere.

M'wodi muli vuto lina limene silioneka m'malipoti anu. Insulini yoyera ija, yofulumira, imabayidwa patatsala theka la ola kuti munthu adye. Ife timagawa mankhwala a m'mawa pa nthawi yake, koma phala la kukhitchini limafika pa nthawi imene nkhuni zayaka, ndipo masiku ena silifika. Gadiyani ali kuchitando akudikira mpata pa mafuwa. Ukamadutsanso umapeza wodwala ali thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka kapena akukalipira mkazi wake, achibale ayamba kale kupemphera poganiza kuti ndi ziwanda. Ameneyo shuga wake watsika kufika pansi pa 70, kapena 3.9 pa timakina tina. Mankhwala ake ndi masupuni atatu a shuga m'kapu ya madzi ngati akutha kumeza, kapena shuga wa m'mtsempha ngati wakomoka. Kangati konse ndatuma gadiyani kuthamangira kukagula Fanta kunja kwa geti chifukwa m'wodi mulibe ngakhale paketi ya shuga? Ndikupempha kuti wodi iliyonse ikhale ndi kabokosi kamene sikatha: shuga, kapu, supuni, botolo la dekisitirozi (shuga wa m'mtsempha uja), kamakina ndi masitiripi ake. Ndipo a kukhitchini azipatsidwa mayina a odwala shuga tsiku lililonse kuti mbale zawo zizituluka poyamba. Izi sizifuna ndalama zakunja. Zikungofuna kalata yochokera kwa inu.

Ndinenepo za tsiku la kiliniki. M'zipatala zambiri odwala shuga ndi BP ali ndi tsiku limodzi pa sabata. Timawauza kuti abwere asanadye kuti tiyeze bwino. Mayi wa kuseri kwa phiri amadzuka tambala woyamba, amakwera kabaza, kenako minibasi, ndipo amafika n'kupeza mzere wazungulira khonde. Ena mwa iwo, pofuna kutisangalatsa ndi nambala yabwino, amamwa glibenclamide wawo, mapiritsi otsitsa shuga, m'mawa mimba ili pululu. Dzuwa likafika paliwombo asanayezedwe, timawatola pansi pa benchi. Amene wafika kutsogolo amakhala ndi namwino mphindi ziwiri kapena zitatu: dzina, nambala ya shuga, BP, mankhwala omwe aja, tsiku lobweranso. Kenako wina alowe. Umenewu si unamwino, ndipo ife amene timauchita timadziwa.

Matenda a shuga sali ngati chibayo choti tibaya jakisoni masiku asanu munthu n'kuchira. Wodwala amakhala nafe maola ochepa pa chaka. Masiku ena onse dokotala wake ndi iye mwini, ndi mkazi wake amene amaomola nsima, ndi mdzukulu amene amamuwerengera manambala a pa jakisoni chifukwa maso ayamba kuchita khungu. Choncho ntchito yaikulu ya namwino pa matendawa ndi kuphunzitsa, ndipo kuphunzitsa kumafuna nthawi ndi mpando. Mtsikana uja ndinakhala naye masana anayi motsatizana, nthawi yanga yopuma, tisanamutulutse. Kusiyanitsa insulini yoyera ndi yamkaka. Kupukusa kabotolo ka yamkaka pakati pa zikhatho, osakhutchumula. Kukoka mayunitsi oyenera ndi kuchotsa mpweya. Kusinthasintha pobaya, lero pamimba mawa pantchafu, chifukwa malo amodzi akabayidwa kawirikawiri amachita chotupa cholimba ndipo mankhwala salowanso bwino. Kuti akadwala malungo kapena akamasanza asasiye insulini, koma athamangire kuchipatala. Kwawo kulibe magetsi, ndiye tinakambirana zoika kabotolo m'kachitini kotseka bwino n'kukaika mu mtsuko wa madzi ozizira pamthunzi, kutali ndi moto. Mayi ake anaphunzira kuti mwana akakomoka asamuthire chakumwa m'kamwa, amugoneke cham'mbali n'kufuna thandizo. Tinalembera aphunzitsi ake kalata kuti akaona mwanayo akudya m'kalasi asamulande. Ndani angaphunzitse zonsezi m'mphindi zitatu, anthu ena ali pa khomo akugogoda?

Pa nkhani ya zakudya tasokoneza anthu kwambiri, ndipo ndikuvomera kuti ife azaumoyo tili ndi mbali yathu. Wina amauza wodwala kuti asadyenso nsima. Mmalawi mukamuletsa nsima mwamuuza kuti asabwerenso kuchipatala. Wina amamuuza kuti azidya mgaiwa basi, ndiye munthu amapita kunyumba n'kumadya mitanda inayi ya mgaiwa mtima uli m'malo, shuga osatsika. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma nawonso umakweza shuga ukachuluka. Nkhani yagona pa kukula kwa mtanda ndi kuchuluka kwa ndiwo. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, therere, nyemba, nandolo, khobwe, usipa, zonsezi zili m'minda ndi m'misika yathu, ndipo wodwala akhoza kudzaza nazo mbale, nsima n'kukhala pang'ono. Thobwa lothira shuga, Sobo, tiyi wa masupuni anayi, zimenezo ndiye zoyenera kusiya. Tikufuna uthenga umodzi, wolembedwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, wokhala ndi zithunzi za mbale zathu zenizeni, kuti wodwala asamve zina kwa namwino, zina kwa a kiliniko, zina pa wailesi.

Palinso chinthu chimene mabuku ochokera kunja sanena. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya kamodzi pa tsiku. Agogo amene tinawalembera glibenclamide mu Meyi nkhokwe zili zodzaza akumwabe mlingo womwewo pamene chakudya chawo ndi maungu kapena phala lamadzimadzi madzulo okha. Mankhwala amenewa amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo kwa okalamba ndi a impso zofooka amakhalitsa m'thupi, moti munthu amadzuka titamupatsa shuga n'kukomokanso patapita maola. Metformin, mankhwala ena akumwa a shuga, payekha sachita zimenezi kawirikawiri. Namwino amene amawadziwa agogowo akanawafunsa kuti kunyumba kukudyedwa kangati, n'kuchepetsa mlingo njala isanafike pachimake. Chimodzimodzi abale athu Achisilamu mwezi wa Ramadan, ndi Akhristu amene amakasala kudya kumapiri. Sitingawaletse chikhulupiriro chawo, koma tikhoza kukhala nawo pansi kusala kusanayambe.

Tsopano mapazi. Ndikanakonda mukanaona zimene ndimaona ine ndikamatsegula mabandeji m'mawa. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha, mapazi amachita dzanzi, ndipo munthu samvanso kupweteka. Bambo amaponda munga kumunda ali chosavala, amalima mpaka madzulo osadziwa. Mayi amaothera mbaula mu Juni, phazi n'kupsa iye akucheza. Wina nsapato yatsopano yamutupitsa chithuza popita ku ukwati. Kachilonda kamayamba ngati njere ya chimanga. Amathirapo mankhwala a zitsamba, amamanga kansanza, ndipo amafika kwa ife patapita milungu itatu fungo litatsogola. Mapeto ake ndi kuthiyeta, kudula chala, kenako phazi, kenako mwendo. Mlimi wodulidwa mwendo ndiye kuti banja lonse ladulidwa. Ana amasiya sukulu, mkazi amakhala miyezi kuchitando munda uli thengo.

Chonsecho kuyeza phazi kumatenga mphindi zochepa. Wodwala avule nsapato, tiyang'ane pakati pa zala, tigwire ngati magazi akuyenda, timukhudze ndi kaulusi kaja koyezera dzanzi m'malo angapo iye atatsinzina. Kaulusiko n'kotsika mtengo kuposa bandeji ya sabata imodzi, koma zipatala zambiri kulibe, ndipo pa kiliniki ya anthu odzaza khonde palibe amene amauzidwa kuti avule nsapato. Ndikupempha kuti pa khadi la wodwala shuga aliyense pakhale malo olembapo tsiku limene mapazi anaonedwa, tsiku limene maso anaonedwa, ndi tsiku limene mkodzo unayezedwa poona impso, ndipo oyendera zipatala azifunsa zimenezi monga amafunsira za katemera. Maso ndi impso zimawonongeka mwakachetechete. Wodwala akafika pofuna makina otsuka magazi, m'zipatala za boma njira yake ndi ya ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central kapena ku Gulupu, ndipo malo kumeneko ndi owerengeka. Kodi si kwapafupi kugula kapepala koviika mu mkodzo?

Mwina mudzati anthu ake ndi ochepa, ndalama zipite ku malungo ndi uchembere. Kafukufuku amene unduna wanu unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera. Ambiri sankadziwa. Kale tinkati ndi matenda a mabwana a m'tauni. Bwerani mudzaone amene akhala pa benchi yathu: alimi, ogulitsa mandasi, oyendetsa kabaza, ana a sukulu. Ndipo matendawa sayenda okha. Munthu wa shuga amadwala TB mosavuta kuposa mnzake, mayi woyembekezera wa shuga amatha kubereka mwana wamkulu kwambiri kapena wakufa kale, ndipo anthu ambiri amene ma ARV awasunga ndi moyo tsopano akukalamba n'kumapezeka ndi shuga ndi BP. Mukasamalira shuga mwathandizanso uchembere ndi TB zomwezo.

Njira yake tikuidziwa, chifukwa tinaiyenda kale. Ndinalipo pamene ma ARV aulere ankayamba mu 2004. Madokotala anali ochepa kuposa lero, ndipo ena ankati dziko losauka ngati lathu silingathe. Munachita chiyani? Munaphunzitsa anamwino ndi a kiliniko, munalemba ndondomeko imodzi yosavuta, munatipatsa mphamvu yoyambitsa ndi kupitiriza mankhwala. Wodwala aliyense anakhala ndi khadi lake losungidwa pa chipatala. Akajomba, wina ankamutsatira kumudzi. Anthu amene akumwa mankhwala bwino anayamba kuphunzitsa anzawo. Mankhwala anafika m'zipatala zazing'ono, ndipo lero munthu amene ali bwino amatenga a miyezi 6 kamodzi. Ndikudziwa kuti pambuyo pa zonsezi panali ndalama za Global Fund ndi za mayiko ena, zimene shuga alibe. Koma khadi, kaundula, ndondomeko ndi kukhulupirira namwino sizinagulidwe ndi madola. Zinali nzeru zathu.

Ku Neno anasonyeza kale kuti n'zotheka. Mu 2015 unduna wanu pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda okhalitsa, kuti wa shuga, wa BP, wa khunyu, wa mphumu ndi wa ma ARV azionedwa malo amodzi, pafupi ndi kwawo, ndipo wojomba azitsatiridwa mofanana. Komweko kunatsegulidwanso makiliniki a PEN-Plus osamalira odwala ovutikitsitsa monga ana a shuga wofuna insulini. Mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zitakumana ku Lomé zinavomereza njira ya PEN-Plus imeneyi kuti ifalikire m'zipatala za m'maboma. Neno ndi boma la mapiri ndi misewu yovuta. Ngati zinatheka kumeneko, n'chifukwa chiyani mwana wa boma lina azidalira kamakina ka agogo a pa bedi la pakona?

Chimene chimapha makiliniki athu ndi kusinthasintha anthu. Namwino amapita ku maphunziro a sabata imodzi a matenda a shuga, amabwerako ndi mtima wonse, amayamba kudziwa odwala ake ndi mayina. Patapita miyezi itatu dzina lake lili pa ndandanda ya ku mateniti chifukwa kumeneko kwachepa anthu. Amalowa wina amene sanagwirepo kabotolo ka insulini chichokere kusukulu. Nthawi zinanso amene amapita ku maphunziro a kunyanja si amene amakhala pa kiliniki, ndipo izi mukuzidziwa. Ndikupempha kuti chipatala chilichonse cha boma, ndi za CHAM zomwe, chikhale ndi anamwino osachepera awiri amene ntchito yawo yolembedwa ndi matenda a shuga ndi BP, osasunthidwa popanda wolowa m'malo wophunzitsidwa. A Nurses and Midwives Council of Malawi ndi a Kamuzu University of Health Sciences akhazikitse maphunziro ovomerezeka a ntchito imeneyi, okhala ndi satifiketi ndi giredi yake, kuti namwino asaone ngati kukhala pa kiliniki ya shuga n'kutsalira. Ndipo namwino wotereyu aloledwe mwa lamulo kukweza kapena kutsitsa mlingo wa mankhwala motsatira ndondomeko, kuitanitsa zoyeza, ndi kutumiza wodwala kwa a maso. Maphunziro otsitsimula azichitikira pa kiliniki pomwepo, odwala ali pamaso.

Za kusowa kwa mankhwala sindichulutsa, chifukwa mumazimva tsiku lililonse. Ndingonena kuti mawu akuti "mukagule kufamase" ali ndi kulemera kosiyana. Kwa wa mutu ndi kusowa mtendere. Kwa mwana wodalira insulini ndi masiku owerengeka. Ndalama yathu itagwa mu Novembala 2023 mitengo m'mafamase inakwera, ndipo ndinaona makolo akuchepetsa mayunitsi kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi, ena akubaya ndi singano imodzi mpaka itabuntha. Namondwe wa Freddy atadula misewu ya kummwera mu Malichi chaka chomwecho, aliyense anaganiza za ufa, mabulangete ndi kolera, ndipo n'zoyenera, koma ndi angati anaganiza za munthu amene kabotolo kake kapita ndi madzi? Ndalama zakunja zikachepa ndipo mukusankha zoyamba kugula, insulini, majakisoni ake ndi masitiripi zikhale pa mzere umodzi ndi mankhwala a mayi wotaya magazi pobereka. Ana onse odalira insulini alembedwe m'kaundula wa boma lililonse, ndi mudzi wawo ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo, kuti tidziwe amene sanabwere.

Sindikufuna kuti muganize kuti ife anamwino tilibe chifukwa. Ndamvapo mnzanga akukalipira bambo wachikulire pagulu kuti, "Mukudya chiyani inu? Mukufuna kufa?" Ndaonapo wodwala akubwezedwa chifukwa waiwala buku la kuchipatala, atayenda mtunda wonse uja. Munthu wochititsidwa manyazi sabweranso, kapena amabwera n'kumanama. Ena amapita kwa asing'anga kapena kwa ogulitsa mabotolo a zitsamba m'misika amene amawalonjeza kuti shuga atheratu, ndipo amapitako chifukwa kumeneko amawapatsa mpando ndi kuwamvetsera. Kutopa si chifukwa chonyozera munthu, ndipo a matironi azitidzudzula. Komabe namwino mmodzi wosiyidwa ndi wodi yodzaza mpaka pansi usiku wonse sangayeze shuga ola lililonse ngakhale atakhala ndi mtima wa mngelo. Pali anamwino omaliza maphunziro amene ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito. Alembeni.

Mu Meyi 2022 mayiko a m'bungwe la WHO, ife tili momwemo, anagwirizana kuti pofika 2030 anthu 80 mwa 100 aliwonse odwala shuga akhale atapezeka, 80 mwa 100 opezekawo shuga wawo akhale wokhazikika, ndipo aliyense wa shuga wa mtundu woyamba, uja wodalira insulini, azipeza insulini ndi zodziyezera pa mtengo wotheka. Aliyense, osatsala ndi mmodzi yemwe. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjezanso kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu, mukamakambirana bajeti funsani funso lapafupi: mu ndalama za mankhwala, za insulini ndi masitiripi ndi zingati, ndipo chaka chatha zinafika m'maboma angati? Mwana woyamba kupulumutsidwa ndi insulini, Leonard Thompson, anabayidwa ku Toronto mu Januwale 1922 ali ndi zaka 14. Papita zaka zoposa 100, ndipo msinkhu wake ndi womwewo wa ana amene akutifera m'manja atalembedwa kuti malungo.

Pa 14 Novembala chaka chilichonse timaguba, timavala malaya olembedwa uthenga, timayeza anthu pa msika kwaulere, ndipo a Diabetes Association of Malawi amayesetsa kukumbutsa dziko. Ndi zabwino. Koma munthu amene tamupeza ndi shuga pa msika tsiku limenelo timamuuza kuti apite kuchipatala, ndipo kuchipatalako akapeza zimene ndafotokozazi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musadalire malipoti okha. Chaka chino, mmodzi wa inu asankhe chipatala cha boma lililonse, afike osalengeza pa tsiku la kiliniki 6 koloko m'mawa, akhale pa benchi mpaka womaliza atathandizidwa. Kenako alowe m'wodi, apemphe namwino kuti amuyeze shuga pompo, aone ngati zitheke.

Mtsikana uja tsopano ali ku sekondale. Amadzibaya yekha kawiri pa tsiku, ndipo mtsuko uja ukadalipo. Kamakina alibe, choncho shuga wake amadziwika kamodzi pa mwezi akabwera kwa ife, ngati masitiripi alipo. Mwezi watha kunalibe. Ndinamuyang'ana mapazi, ndinamufunsa kangati akudzuka usiku kukakodza, ndinamupatsa kabotolo kamodzi m'malo mwa tiwiri, ndipo ndinalemba mlingo womwe uja m'buku lake osadziwa ngati ndi woyenera. Akubweranso Lachinayi la sabata yoyamba ya mwezi wa mawa.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino wa m'chipatala cha boma